Tinamunamiza mwana wa Fomu 4: zomwe tinaphunzira za noun clause ku Zomba

Pa tchuthi chapitachi anayi a ife amene tikuchita maphunziro a zauphunzitsi tinali ku Zomba. Makolo ena a ku Chinamwali atamva zomwe timaphunzira kuno kukoleji, anatipempha kuti tiziwathandizako ana awo a Fomu 4 pa Chingerezi masana aliwonse. Sitinazengereze kuvomera. Tinkadziona ngati akatswiri, poti MSCE tinalemba chaposachedwa pomwepa ndipo Chingerezicho tinakhoza bwino.

Tsiku lachitatu mtsikana wina anatibweretsera chiganizo ichi, chomwe anakopera m'kope la mnzake:

"Nobody told us where the path to Chingwe's Hole begins."

Mawu onse kuyambira pa "where" mpaka kumapeto anali otsekedwa mzere kunsi, ndipo funso linali loti atchule mtundu wa nthambiyo ndi ntchito yake. Mmodzi wa ife anayankha asanamalize n'kuwerenga komwe: "Imeneyo ndi adverb clause of place. Ukangoona 'where', usavutikenso n'kuganiza." Atatu enafe tinavomereza ndi mitu, mwana n'kulemba m'kope mwake, n'kuthokoza. Usiku womwewo tikukonza phunziro la mawa lake tinachiyang'ananso chiganizocho, ndipo manyazi anatigwira. Nthambi ija sinali kunena za malo amene anthu anaima potiuza. Inali kunena chinthu chimene sitinauzidwe. Inali noun clause. Choipitsitsa sichinali yankho lolakwikalo, koma lamulo labodza lomwe tinamupatsa mwanayo kuti akalowe nalo m'chipinda cha mayeso.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mumzinda womwewu wa Zomba ndimo muli likulu la MANEB, bungwe lomwe lakhala likuyendetsa mayeso a sukulu m'dziko muno kuyambira 1987, ndipo lamulo lake tonse timalidziwa: wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Mafunso a nthambi za chiganizo amapezeka pa gawo la malamulo a chiyankhulo, komanso mwana amene sazimvetsa amapunthwa polemba chimangirizo, kalata ndi lipoti. Ambiri a ife tiima kutsogolo kwa kalasi posachedwapa. Choncho tiyeni tigawane zomwe ife tinaphunzira usiku umenewo.

Nthambi ya chiganizo n'chiyani?

Tonse tinaphunzira m'Chichewa kuti nthambi ndi gulu la mawu lokhala ndi mwininkhani komanso mneni wake. M'Chingerezi n'chimodzimodzi. Mawu oti "the beginning of the path" alibe mneni, ndiye ndi kapandamneni. Koma mawu oti "where the path begins" ali ndi mwininkhani "the path" ndi mneni "begins", ndiye ndi nthambi.

Nthambi ina imaima payokha n'kupereka ganizo lathunthu. Ina siima payokha: mukafika kwa munthu n'kunena kuti "where the path begins" kenako n'kukhala chete, adzadikira kuti mumalize. Nthambi zosaima pazokhazi zili m'magulu atatu. Pali nthambi yamfotokozi, yomwe imakamba zambiri za dzina. Pali nthambi yamuonjezi, yomwe imanena nthawi, malo, chifukwa kapena mchitidwe. Ndipo pali nthambi yadzina, yomwe m'Chingerezi amati noun clause. Iyoyo imakhala pamalo pomwe dzina likanakhala n'kugwira ntchito yomwe dzina likanagwira.

Mfundo yomwe ife tinaiphonya ndi iyi: nthambi imadziwika ndi ntchito yake m'chiganizo, osati ndi liwu lomwe yayambira. Munthu wovala gauni loyera akhoza kukhala dokotala, wogulitsa nyama mumsika kapena mphunzitsi wa sayansi. Gaunilo silokwanira, muyenera kuona chomwe akuchita.

Nthambi yadzinayi si yachilendo kwa ife. Miyambi yathu yadzaza nayo. Tikamati "Wakutsina khutu ndi mnansi", mawu oti "wakutsina khutu" ali ndi mneni mkati mwake, komabe onse pamodzi akugwira ntchito ya dzina, ngati mwininkhani. Tikamatinso "Zimene wanena n'zoona", tachita ndendende zomwe Mngerezi amachita akamati "What you said is true."

Njira zitatu zoizindikirira

Njira yoyamba ndi yolowetsa mlowam'malo. Chotsani nthambi yonse n'kuikapo "it", "something" kapena "someone". Chiganizo chikamveka, mwapeza noun clause.

"We know that Zomba was the capital of Malawi until 1975."

Tikalowetsa "it" tipeza "We know it", zomwe zikumveka bwinobwino. Tsopano yesani chiganizo ichi:

"We rested where the vendors sell strawberries."

"We rested it" sizikumveka. Chomwe chikukwanapo ndi "We rested there", ndipo "there" ndi muonjezi. Choncho nthambi imeneyi ndi yamuonjezi, yonena malo.

Njira yachiwiri ndi yofunsa funso. Noun clause imayankha funso loti "chiyani?" kapena "ndani?". Tikudziwa chiyani? Kuti Zomba linali likulu. Sanatiuze chiyani? Pomwe njira yayambira. Koma "Tinapuma chiyani?" si funso, funso loyenera ndi "Tinapuma pati?".

Njira yachitatu ndi yochotsa nthambiyo osaikapo kanthu. Nthambi yamuonjezi ikachoka, chiganizo chimatsala chili chilili: "We rested." Noun clause ikachoka, kawirikawiri chiganizo chimatsala ndi mpata, ngati mpando wothyoka mwendo: "depends on the weather" alibe mwininkhani, "The truth is" alibe mathero. Njira imeneyi ili ndi malire ake, monga tionera m'munsimu, ndiye isamagwiritsidwe ntchito yokha.

Mawu amene amayambitsa noun clause

Ngakhale liwu loyambira silipereka yankho, ndi bwino kudziwa mawu amene amatichenjeza kuti tiime kaye n'kuyesa. Loyamba ndi "that", lomwe ndi "kuti" wathu. Ena ndi "whether" ndi "if", omwe ndi "ngati" kapena "kaya". Gulu lachitatu ndi la mawu ofunsira: "what", "who", "whom", "whose", "which", "when", "where", "why" ndi "how". Lomaliza ndi la mawu othera ndi "-ever", monga "whoever", "whatever" ndi "whichever", omwe amafanana ndi "aliyense amene" kapena "chilichonse chimene".

Chosokoneza n'choti "that" amatha kubisala:

"The guide said the mist would clear by noon."

Apa "that" sakuoneka, koma malo ake alipo pakati pa "said" ndi "the mist". Ophunzira athu anazimva msanga titawakumbutsa kuti nafenso timachita zomwezo. Timati "Ananena kuti abwera mawa", komanso timati "Anati abwera mawa", popanda "kuti". Mukaona aneni awiri oonetsa nthawi m'chiganizo chimodzi popanda mlumikizi, yesani kulowetsa "that". Dziwani kuti nthambiyo ikakhala koyambirira ngati mwininkhani, "that" sachotsedwa.

Ntchito za noun clause

Ntchito yoyamba ndi kukhala mwininkhani wa mneni.

"That Parliament remained in Zomba after 1975 surprises many pupils."

"Whether we reach Malumbe today depends on the weather."

Chikudabwitsa ophunzira n'chiyani? Choti Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba likulu litasamukira ku Lilongwe. Nthambi yonseyo ndi mwininkhani wa "surprises". M'chiganizo chachiwiri, chonena za nsonga ya phirili yomwe ndi yotalika kuposa mamita 2,000, nthambi ndi mwininkhani wa "depends". Onani kuti aneni onse awiri atha ndi "s". Nthambi yoyamba ndi "that" kapena "whether" imatengedwa ngati chinthu chimodzi, ngakhale mkati mwake mutakhala mayina ochulukitsa.

Ntchito yachiwiri, yomwe imapezeka kwambiri, ndi kukhala pamtherankhani wa mneni. Imabwera pambuyo pa aneni onena za kudziwa, kuganiza, kuyankhula ndi kufunsa, monga "know", "think", "believe", "say", "ask", "explain" ndi "wonder".

"The lecturer explained how Chancellor College moved to Zomba in 1973."

Anafotokoza chiyani? Nthambi yoyamba ndi "how" ndiyo yankho, ndiye ndi pamtherankhani wa "explained". Chiganizo cha mtsikana uja chili m'gulu lomweli. Mneni "told" amatenga zinthu ziwiri: munthu wouzidwa, yemwe ndi "us", ndi chinthu chonenedwa, chomwe ndi nthambi yoyamba ndi "where".

Ntchito yachitatu ndi kukhala mtsirizitsi, yemwe m'Chingerezi amati complement. Amabwera pambuyo pa aneni monga "is", "was", "seem" ndi "become".

"The truth is that we were tired before we reached Williams Falls."

"Our fear was that the rain would find us at Emperor's View."

Ophunzira ambiri amasokoneza ntchito imeneyi ndi ya pamtherankhani chifukwa zonse zimabwera pambuyo pa mneni. Kusiyana kwake n'kotere: pamtherankhani ndi chinthu china chosiyana ndi mwininkhani, chomwe ntchito ya mneni yagwerapo, pomwe mtsirizitsi ndi mwininkhani yemweyo wotchulidwa mwanjira ina. "Our fear" ndi "that the rain would find us" ndi chinthu chimodzi. Ngati mneniyo mungamusinthe ndi chizindikiro cha masamu chosonyeza kufanana, nthambiyo ndi mtsirizitsi.

Ntchito yachinayi ndi kutsatira mperekezi.

"We listened to what the old man said about Chingwe's Hole."

"They argued about whether Lake Chilwa was drying up again."

M'chiganizo choyamba nthambi ikutsatira "to", m'chachiwiri ikutsatira "about". Poyankha pa mayeso timati object of the preposition, n'kutchula mperekeziyo. Pali malamulo awiri apa. Pambuyo pa mperekezi timalemba "whether", osati "if". Komanso nthambi yoyamba ndi "that" siitsatira aperekezi monga "about", "on" ndi "to" mwachindunji: sitinena "We talked about that he had failed", koma "We talked about the fact that he had failed."

Ntchito yachisanu ndi kuima pambali pa dzina n'kulimasulira, zomwe m'Chingerezi amati apposition.

"The news that the results were out spread through Matawale."

Nthambiyi ikutiuza kuti nkhaniyo inali yotani mkati mwake. Nkhaniyo ndi nthambiyo ndi chinthu chimodzi. Mayina amene amakonda nthambi yotere ndi ochepa ndipo ndi bwino kuwaloweza: "fact", "news", "rumour", "idea", "belief", "hope", "fear", "report". Apa ndi pomwe njira yochotsa ija imalephera, chifukwa "The news spread through Matawale" ndi chiganizo chathunthu.

Ntchito zisanu zimenezi ndizo maziko. Pali zinanso zomwe mphunzitsi ayenera kuzidziwa. Noun clause itha kukhala wolandira chinthu, monga mu "Give whoever carries the bag some water." Ithanso kutsatira mfotokozi, monga mu "We were sure that the path was right." Pomaliza, Angerezi sakonda kuyamba chiganizo ndi mwininkhani wamtali, ndiye amaika "it" kutsogolo n'kukankhira nthambi kumapeto: "It is clear that the mist will not lift." Mabuku ena akusukulu amati nthambiyi ili mu apposition ndi "it", ena amati ndi mwininkhani weniweni amene wasunthidwa. Onse amagwirizana kuti ndi noun clause.

Misampha yomwe imakola ambiri

Msampha woyamba ndi wa "that" wotsatira dzina. Yerekezani ziganizo ziwirizi:

"The news that he brought shocked us."

"The news that he had passed shocked us."

Zikuoneka zofanana, koma choyamba chili ndi nthambi yamfotokozi, chachiwiri chili ndi noun clause. Pali njira zingapo zodziwira. M'choyamba mutha kuika "which" m'malo mwa "that"; m'chachiwiri simungatero. M'choyamba nthambi ili ndi mpata: "he brought" chiyani? "That" ndiye akutseka mpatawo poimira "news". M'chachiwiri "he had passed" ndi ganizo lokwanira, ndipo "that" akungolumikiza.

Koma njira yomwe inawathandiza kwambiri ana athu ndi kumasulira m'Chichewa, chifukwa chiyankhulo chathu chimasiyanitsa zomwe Chingerezi chimaphatikiza. Choyamba timati "nkhani imene anabweretsa". Chachiwiri timati "nkhani yoti wakhoza". Palibe mwana wa Chichewa amene angasokoneze "imene" ndi "yoti". Ngati kumasulira kukupereka "imene", "amene" kapena "chimene", nthambiyo ndi yamfotokozi. Kukapereka "yoti", "choti" kapena "yakuti", ndi noun clause.

Msampha wachiwiri ndi womwe unatikola ife. Liwu limodzi lomweli "where" litha kuyambitsa mitundu yonse itatu:

"We know where the Mulunguzi starts."

"We visited the place where the Mulunguzi starts."

"We camped where the Mulunguzi starts."

Nthambiyo ndi imodzimodzi katatu konse, osasintha ngakhale lemba limodzi. M'choyamba ikuyankha "chiyani?" ndipo "We know it" ikumveka: noun clause. M'chachiwiri yatsatira dzina "place" n'kutiuza kuti ndi malo ati: yamfotokozi. M'chachitatu ikuyankha "pati?": yamuonjezi. "When" amachitanso chimodzimodzi. "Tell me when the bus leaves" itha kutanthauza kuti ndiuze nthawi yonyamukira basi, apo ndi noun clause, kapena kuti basi ikamanyamuka undiuze, apo ndi yamuonjezi. Tanthauzo ndilo limalamula.

Msampha wachitatu ndi wa "if". Apa Chichewa sichitithandiza, chifukwa "ngati" wathu amagwiranso ntchito ziwiri.

"Ask the conductor if the minibus goes to Domasi."

"We shall board if the minibus goes to Domasi."

Yesani kuika "whether". M'choyamba akukwana, ndiye ndi noun clause, pamtherankhani wa "ask". M'chachiwiri sakukwana, ndiye ndi nthambi yamuonjezi yonena zomwe ziyenera kuchitika kaye. Kudziwa izi kumathandiza polemba: mu noun clause tikhoza kulemba "will", monga "I do not know if he will come", koma m'nthambi yamuonjezi timalemba "If he comes, we shall start", osati "If he will come".

Msampha wachinayi ndi wa kasanjidwe ka mawu, ndipo umatikola ngakhale ife akukoleji. M'Chichewa funso silisintha malo a mawu: "Positi ofesi ili kuti?" ndi "Ndiuzeni kuti positi ofesi ili kuti" ali ndi dongosolo limodzi. M'Chingerezi funso limaika mneni kutsogolo kwa mwininkhani: "Where is the post office?" Funsolo likalowa m'chiganizo china ngati noun clause, silikhalanso funso, ndiye mwininkhani amabwerera kutsogolo: "Tell me where the post office is." Mawu othandizira kufunsa, "do", "does" ndi "did", amachoka: "What does he want?" imasanduka "I wonder what he wants." Chizindikiro cha funso chimatsala pokhapokha ngati chiganizo chonse chili funso, monga "Do you know what he wants?"

Msampha wachisanu ndi "all what". Timaumva tsiku ndi tsiku: "All what I want is a pass." Umachokera ku "zonse zimene" wathu. Koma "what" payekha ali kale ndi tanthauzo la "chinthu chimene", ndiye safuna dzina kapena mlowam'malo kutsogolo kwake. Tilembe "What I want is a pass" kapena "All that I want is a pass." M'Chingerezi cholembedwa ndi bwinonso kupewa "The reason is because" n'kulemba "The reason is that", popeza chofunika pamenepo ndi mtsirizitsi.

Womaliza ndi wa nthawi ya aneni. Mneni wa nthambi yoima payokha akakhala wa nthawi yakale, mneni wa noun clause amabwereranso m'mbuyo: "I am tired" imasanduka "She said that she was tired." Zoona zosasintha zitha kukhala momwe zilili: "The teacher said that the earth goes round the sun." Pamenepa mutha kuona kuti mutu wa reported speech ndi mutu wa noun clause ndi mutu umodzi. Kuwaphunzitsa motalikirana, wina temu yoyamba wina temu yachitatu, n'kumupatsa mwana katundu kawiri.

Kayankhidwe ka pa mayeso

Funso likati "state the type and function", yankho lokwanira lili ndi zigawo zitatu: mtundu, ntchito, ndi liwu lomwe nthambiyo ikugwirizana nalo. Kulemba "object" kokha n'kusiya ntchito panjira. Yankho la chiganizo cha mtsikana uja ndi ili: noun clause, object of the verb "told". Funso likakhala loti mupeze nokha nthambiyo, yambirani pa liwu lolumikiza n'kuthera pomwe ganizo la nthambiyo lathera, osameza mneni wamkulu wa chiganizo. Mu "What he said annoyed us", nthambi ikuthera pa "said"; "annoyed" ndi mneni wamkulu.

Yesani ziganizo zisanu izi musanawerenge mayankho:

1. "Whoever reaches Ku Chawe first should wait for the others."
2. "The rumour that the road was closed was false."
3. "The path that we took was steep."
4. "Everything depends on how early we leave."
5. "That is why we turned back."

Mu 1, "Whoever reaches Ku Chawe first" ndi noun clause, mwininkhani wa "should wait". Mu 2, "that the road was closed" ili mu apposition ndi "rumour": mphekesera yoti msewu watsekedwa. Mu 3 mulibe noun clause. "That we took" ndi yamfotokozi, njira imene tinadzera. Mu 4, "how early we leave" ikutsatira mperekezi "on". Mu 5, "why we turned back" ndi mtsirizitsi wa "is", ndipo "That" woyambayo ndi mlowam'malo chabe, sakuyambitsa nthambi.

Amene mukuchita Chingerezi ngati phunziro lalikulu mudzapeza mayina ena m'mabuku akuluakulu. Buku la Randolph Quirk ndi anzake la 1985, A Comprehensive Grammar of the English Language, limati nominal clause. La Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum la 2002, The Cambridge Grammar of the English Language, limakonda dzina loti content clause, chifukwa nthambizi sizichita zonse zomwe dzina limachita. Taona kale kuti "about" amalandira dzina koma salandira nthambi ya "that". Izi n'zabwino kuti mphunzitsi azidziwe, koma mwana wa Fomu 4 tim'patse dzina lomwe lili m'silabasi yake.

Kubwerera kwa mwana uja

M'mawa mwake tinamuitana mtsikanayo pamaso pa anzake onse. "Pepa, dzulo tinakunamiza," anatero mnzathu uja. "Fufuta lamulo lija." Tinalemba pabolodi ziganizo zitatu za "where" zija n'kuwasiya anawo kuti alowetse "it" ndi "there" okha. Sizinatenge nthawi kuti ayambe kutsutsana n'kumapeza mayankho popanda ife. Ena a ife tinkaopa kuti kuvomereza kulakwa kutichotsera ulemu. Zomwe zinachitika n'zoti mafunso anachuluka, ndipo ana amene ankangokhala duu anayamba kukweza manja.

Tsiku lomaliza tinakwera nawo phiri wapansi, kutsata msewu wopita ku Ku Chawe, titagwirizana kuti ulendo wonse tiyankhula Chingerezi ndipo aliyense womva noun clause aitchule ntchito yake. Titayenda mtunda ndithu, mmodzi wa ife, wefuwefu ali m'kati, anati: "I don't know how far is the dam." Mtsikana uja anaima n'kutembenuka. "Aphunzitsi, pepani," anatero mwaulemu, "koma si 'how far the dam is'?" Tinaseka tonse mpaka ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anatiyang'ana modabwa.

Anzathu amene mukukonzekera kukaphunzitsa, malamulo achidule onga "ukaona liwu ili, yankho ndi ili" amakoma pabolodi ndipo ana amawakonda chifukwa savuta kuloweza. Koma lamulo limodzi labodza lomwe mphunzitsi wapereka limalowa m'makope a kalasi yonse, n'kumakopedwa chaka ndi chaka. Ife tinali ndi mwayi woti tinazindikira usiku womwewo ndipo mwanayo anabweranso m'mawa. Musanalembe lamulo lililonse pabolodi, liyeseni kaye pa ziganizo zitatu zosiyana. Ndipo mwana akakufunsani za nthambi, musam'patse dzina lake msanga. M'funseni kuti ikugwira ntchito yanji, kenako mum'siye alowetse "it" yekha.